Galimoto yanga yakana kulira ndipo ikununkha petulo: kodi injini yafa?

Kalata ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Dedza, ndipo walemba motere:

"Bambo makaniko, ndithandizeni. Ndili ndi Toyota Vitz ya otomatiki imene ndinagula zaka zitatu zapitazo ndipo sinandivutitsepo. Loweruka m'mawa kunazizira kwambiri. Ndinailiza n'kuitulutsa m'galaja kufika nayo pabwalo kuti ana aitsuke, ndipo ndinaizimitsa pomwepo. Masana nditafuna kupita kumsika inakana kulira. Sitata ikuzungulira bwinobwino, mwinanso mothamanga kuposa masiku onse, koma injini siikugwira moto. Aneba anandiuza kuti ndizipondaponda moto kwinaku ndikupotokola kiyi, ndipo ndinatero mpaka batire linayamba kufooka. Panopa pagalimoto ponse pakununkha petulo. Mnyamata wina amene amakonzako magalimoto kuno akuti pampu ya mafuta yafa, ndigule ina. Kodi injini yanga yawonongeka? Pampuyo ndigule?"

Mayi, khazikani mtima pansi, ndipo ndalama ya pampuyo ibakhala m'chikwama. Malinga ndi mmene mwafotokozeramu, injini yanu ili moyo. Chachitika n'chakuti petulo wachuluka m'masilinda mpaka wanyowetsa mapulagi. Kugalaja timangoti galimoto yafulada. Ndakumana nazo kambirimbiri, makamaka m'miyezi ya June ndi July, ndipo zambiri mwa izo zimalira tsiku lomwelo popanda kugula kanthu kalikonse. Za pampuzo ndikukayika kwambiri. Ntchito ya pampu ndi kukankha petulo kuchoka m'thanki kupita ku injini. Ikafa, injini imasowa petulo. Yanuyo ikuchita kununkha petulo, ndiye kuti mafutawo akufika, ndipo akufika mopyola muyeso.

Ndikufuna mumvetse kaye chimene chikuchitika m'katimo, chifukwa mukachimvetsa simudzasocheretsedwanso ndi malangizo a odutsa m'njira. Petulo payekha sayaka. Amafuna mpweya, ndipo amafuna wochuluka zedi. Injini yotentha bwino imasakaniza pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Chosakanizacho chikalowa m'silinda, pisitoni imachipanikiza, pulagi n'kuthetheka kamoto, kenako n'kuphulika. Petulo akachuluka kwambiri, mpweya umachepa, ndipo petulo wotsalayo amakhala wamadzimadzi, n'kukanyowetsa nsonga ya pulagi. Pulagi yonyowa ili ngati machesi amene agwera m'ndowa: mungakhwatche bwanji, moto sutuluka. Magetsi a pulagi m'malo molumpha kampata ka pansonga kuti apange moto, amangodutsa m'chinyezicho n'kutayika.

Nanga petuloyo anachuluka bwanji poti simunalakwitse kanthu? Yankho lili pa ulendo wochoka m'galaja kufika pabwalo uja. Injini ikazizira, petulo sasanduka nthunzi msanga, ambiri amangomatirira m'makoma ozizira a injini. Kompyuta ya galimoto imadziwa zimenezi, motero m'mawa imathira petulo wochuluka dala kuti ena mwa iwo ayake. Injini ikamatentha, kompyuta imachepetsa pang'onopang'ono, ndipo kutenthako kumawumitsa wotsala yense. Inu munaizimitsa isanafike pamenepo. Petulo wowonjezera uja anatsalira m'masilinda. Masana mutapotokola kiyi, injini inali idakali yozizira, ndipo kompyuta inathiranso wina pamwamba pa wakale uja. Kuzizira kwa ku Dedza, kumene ndi kumtunda ndipo m'mawa wa June madzi amachita kuluma m'manja, kumangowonjezera vutoli. Anzathu a ku Mzuzu, ku Thyolo ndi ku Blantyre nthawi ya chiperoni amazidziwa bwino zimenezi.

Mwatchula chinthu china chimene anthu ambiri chimawaopsa, chakuti sitata ikuthamanga kuposa masiku onse. Mwachita bwino kutchera khutu. M'makoma a silinda mumakhala kaoyilo kopyapyala kamene kamathandiza maring'i a pisitoni kutseka bwino kuti mpweya usapulumuke. Petulo wamadzimadzi amatsuka kaoyiloko. Mpweya ukayamba kupulumuka, pisitoni sipanikizanso mwamphamvu, ndipo sitata imapepukidwa n'kumangoti wiii ngati ikuzungulira chabe. Injini ikalira, oyilo amabwereranso m'makomamo ndipo mphamvu imabwerera. Pali chenjezo limodzi lokha apa. Kuthamanga kwa sitata kotereku kumachitikanso lamba wa tayiming'i akaduka pa galimoto zimene zili ndi lambayo, koma zikatero kawirikawiri galimoto imazima ikuyenda, osati itaima pabwalo pambuyo poisuntha mamita ochepa ngati yanu.

Aneba anu sanakufunireni zoipa. Malangizo opondaponda moto ndi a nthawi ya magalimoto a kabureta, monga Peugeot 504 ndi Datsun zimene ife tinaphunzirirapo ntchito. Mu kabureta muli kapampu kakang'ono kamene kamalavula petulo nthawi iliyonse mukaponda moto, motero kuponda kamodzi kapena kawiri m'mawa kunkathandiza injini yozizira. Ngakhale nthawi imeneyo, munthu akaponda kasanu kapena kakhumi, galimoto inkafulada. Vitz yanu ilibe kabureta. Ili ndi mainjekita, tizipangizo topopera petulo mu injini, amene amalamulidwa ndi kompyuta, ndipo pa tsiku labwinobwino imafuna kuti muilize phazi lili pambali, osakhudza moto n'komwe. Chimene chinakulitsa vuto kwa inu ndi kubwerezabwereza kuja. Kupotokola kiyi kulikonse kunali kuwonjezera petulo pa mapulagi onyowa kale.

Tsopano tiyeni tiilize. Musanakhudze kiyi, suzumirani pansi pa galimoto, kenako tsegulani boneti. Fungo la petulo limabwera injini ikafulada, inde, koma limabweranso paipi ikang'ambika. Mukaona petulo akudontha pansi kapena penapake pa injini panyowa, musayese kuliza ngakhale kamodzi, itanani makaniko abwere pakhomopo. Ngati paliponse n'pouma, pitirizani. Aliyense wosuta fodya atalikire, mbaula ikhale kutali, ndipo galimotoyo ikhale panja pamene mphepo ikudutsa.

Chachiwiri ndi batire. Mwanena kuti layamba kufooka, ndipo batire lofooka silingakuthandizeni pa ntchito imeneyi. Sitata ndiyo imadya magetsi ambiri pa galimoto, motero batire likafooka, otsalira opita ku mapulagi amachepa, moto wake n'kukhala wofooka pa nthawi imene tikufuna moto wamphamvu. Kalitchajitseni, kapena pemphani mnzanu abwere ndi galimoto yake mulumikize majampa, chofiira ku chofiira, ndipo waya wakuda womaliza mumangirire pa chitsulo cha injini yanu, kutali ndi batire ndi mapaipi a mafuta. Za kukankha iwalani. Galimoto ya otomatiki siilira pokankha, mungotopetsa ana a eni ake.

Mukamadikira batirelo, boneti ikhale chitsegulire. Mphindi 20 kapena 30 zimathandiza kuti petulo wina auluke, ndipo poti yanu yakhala kuyambira Loweruka, mbali imeneyi yachitika kale.

Kenako khalani pampando, giya ikhale pa P, handibuleki yokoka. Pondani moto mpaka pansi penipeni, phazi ligunde, ndipo musalisunthe. Muli chipondere choncho, potokolani kiyi kwa masekondi osapitirira 10. Ngati galimoto yanu ndi yoliza ndi batani, phazi lamanzere liponde buleki, lamanja liponde moto mpaka pansi, n'kudina batanilo. Ndikudziwa kuti zikumveka ngati zosemphana ndi zimene ndangonena kumene, chifukwa tinazolowera kuti kuponda moto ndi kuwonjezera mafuta. Koma chopondera chija chimatsegula khomo la mpweya. Mukachiponda mpaka pansi, mpweya umalowa wambiri n'kumakankhira petulo wotsala uja ku ekizozi. Ndiponso galimoto zambiri za mainjekita zinapangidwa kuti kompyuta ikaona moto wapondedwa mpaka pansi pa nthawi yoliza, imadziwa kuti dalaivala akuumitsa injini, motero imatseka mainjekita kapena kuchepetsa kwambiri petulo. Chinsinsi chake ndi kufikitsa phazi pansi. Mukaponda theka, kompyuta siimva uthengawo. Kapeti yokhuthala yopindikira pansi pa chopondera ndinaionapo ikulepheretsa njira imeneyi, ndiye yang'anani pamenepo.

Ikapanda kulira, zimitsani, dikirani mphindi imodzi yathunthu kuti sitata izizire, n'kuyesanso chimodzimodzi. Musakhumudwe ulendo woyamba. Kawirikawiri pa ulendo wachiwiri kapena wachitatu mudzamva injini ikutsokomola, ngati ikufuna kugwira n'kusiyanso. Chimenecho n'chizindikiro chabwino, silinda imodzi yayamba kuuma. Ikangogwira, bwezani phazi msangamsanga kuti isakuwe, koma musalichotseretu. Isungeni ikulira mokwererako pang'ono mpaka itasiya kunjenjemera. Idzatulutsa utsi wambiri wonunkha petulo kwa mphindi zingapo, musaope. Chimene sindifuna n'kuikuwitsa kuti "itsuke mmero" monga amachitira anyamata ena. Kumbukirani kuti makoma a masilinda atsukidwa oyilo, ndipo kuthamangitsa injini ili choncho ndiko kudya maring'i. Ikakhazikika, yendani nayo mphindi 15 kapena 20 mpaka itenthe bwinobwino, zimene zithandizenso batire kubwezeretsa mphamvu.

Mukayesa kanayi kapena kasanu osaphula kanthu, lekani. Kupitiriza pamenepo n'kuwotcha sitata, imene mtengo wake ndi wowawa, komanso kutumiza petulo wosapsa ku ekizozi. Mu ekizozi muli chosefera utsi chija timati katalitiki, ndipo petulo akadzazamo n'kudzayakira momwemo, chimatentha mpaka kusungunuka m'kati. N'chifukwa chakenso galimoto imene yangolira kumene itafulada musaiimike pa udzu wouma.

Pamenepa ndi pofunika munthu wodziwa kugwira sipanala. Njira ina ndi kuzula fyuzi kapena rileyi ya pampu ya mafuta, n'kuzungulitsa injini kangapo moto uli wopondedwa kuti iume popanda petulo watsopano, kenako n'kubwezera fyuziyo. Pa chivundikiro cha bokosi la mafyuzi pamakhala chithunzi chosonyeza malo a iliyonse. Njira yotsimikizika kuposa zonse ndi kumasula mapulagi. Akatuluka mudzaona nokha kuti ndi onyowa, akuda ndiponso onunkha petulo. Apukuteni ndi kansalu koyera, asiyeni padzuwa aume, ndipo masilinda akhale otsegula kwa kanthawi kuti petulo auluke, bola musalole fumbi kapena kamwala kugweramo. Ngati makaniko akufuna kuzungulitsa injini mapulagi ali kunja, ayambe wazula mawaya a makoyilo, amene amapereka magetsi ku mapulagi, ndi fyuzi ya pampu. Petulo amatuluka m'mabowomo ngati nkhungu, ndipo kamoto kamodzi kokha n'kokwanira kuyatsa galimoto yonse. Pobwezera mapulagi, ayambe kumanga ndi zala mpaka alowe bwino, sipanala ibwere pomaliza, chifukwa mutu wa injini zamakonozi ndi wa aluminiyamu ndipo mazinga ake sachedwa kuphwanyika. Injini ikakhala kuti yatsukidwa kwambiri moti siikupanikiza n'komwe, timadonthezera oyilo pang'ono, osapitirira kasupuni ka tiyi, m'silinda iliyonse tisanabwezere mapulagi. Zimenezo musiyireni makaniko.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndimaziona m'misewu mwathu zimene ndikupemphani muzikane, ngakhale wokuuzaniyo aoneke wodziwa. Choyamba ndi kuwotcha mapulagi pa mbaula kapena pa moto wa mapepala kuti aume msanga. Nthawi zina galimoto imaliradi, n'chifukwa chake chizolowezichi sichikutha, koma kachoyera kaja ka pa pulagi kali ngati mbale yadothi, kamang'aluka ndi moto wosayenera, ndipo kachidutswa kake kakagwera m'silinda mwadziputira nkhani ina yaikulu. Mwaye wa motowo umadetsanso nsonga imene mukufuna kuyeretsa. Mapulagi akakhala akale, gulani atsopano a nambala yoyenera injini yanu. Chachiwiri ndi kuthira petulo pakhomo la mpweya kuti "ilawe". Injini imene yakhuta kale petulo simungaichize poipatsa wina, ndipo moto ukabwerera m'mbuyo umapsereza nkhope ya wothirayo. Ndinalandirapo mnyamata kugalaja kwanga amene manja ake anali ndi zipsera za moto wa mtundu umenewu, ndipo sindifuna kuti mwana wa munthu wina adzaone zomwezo pakhomo panu.

Galimoto ikalira, musaiwale oyilo. Petulo amene anatsuka makoma uja sanathere m'malere, wina anatsikira pansi n'kusakanikirana ndi oyilo. Solotsani dipisitiki, muone mlingo, munuse. Kafungo kapatalipatali kamatha kokha mukayenda ulendo wautali injini itatentha. Koma ngati mlingo wakwera kupitirira chizindikiro cha pamwamba, kapena oyilo wapyapyala ngati madzi ndipo akununkha petulo kwambiri, sinthani oyilo ndi fyuluta yake musanapite kutali. Poti inu munayesa kuliza kambirimbiri mpaka batire kufooka, ndikanakhala ine ndikanasintha ndithu. Mtengo wa oyilo ndi wochepa poyerekeza ndi wa mabering'i a injini.

Funso lotsatira n'lakuti kodi zidzachitikanso? Ngati chinayambitsa ndi kusuntha kwa pang'ono kuja basi, ayi, bola musinthe chizolowezi. Koma galimoto ya mainjekita imene ili bwino siifulada wambawamba. Ikachita kawiri kapena katatu, pali chimene chikuipangitsa, ndipo kuumitsa mapulagi tsiku ndi tsiku ndi kungothira madzi m'dengu. Zimene ndimayamba kuyang'ana ndi zotsika mtengo: mapulagi amene atha, batire lokalamba, mitu ya batire ya dzimbiri, ndi fyuluta ya mpweya. Fumbi la misewu yathu m'chilimwe limatseka fyuluta msanga kuposa mmene buku la galimoto limanenera, poti bukulo analembera misewu ya ku Japan. Koyilo yofooka imachitanso zomwezo.

Zikakhala kuti izi zili bwino, ndimapita pa sensa imene imauza kompyuta kutentha kwa madzi a injini. Kanthu kameneka n'kakang'ono ngati chala, koma kakanama kamasokoneza zonse. Kakamauza kompyuta kuti injini ndi yozizira kwambiri pamene ili yotentha, kompyuta imangothira petulo wa m'mawa tsiku lonse. Zizindikiro zake ndi galimoto kumwa mafuta modabwitsa, utsi wakuda, mapulagi a mwaye, ndi kuvuta kulira injini ikatentha. Bambo wina anabwera kwa ine ndi Corolla atagula kale pampu, mapulagi kawiri ndi batire, zonsezo mongoganizira. Titalumikiza makina oyezera, kompyuta inkaonetsa kuti madzi ndi ozizira kuposa a m'firiji pamene injini inali yotentha moti sungaigwire. Tinasintha kasensako ndipo vuto linathera pomwepo. Zimandipweteka kuona munthu akutaya ndalama chonchi, n'chifukwa chake ndikuti musagule chipangizo chilichonse munthu asanakuonetseni umboni woti chafadi. Pampu imayezedwa ndi geji yoona mphamvu ya mafuta, siiweruzidwa ndi maso.

Injekita yodontha ndi vuto lina. Imayenera kutseka kotheratu mukazimitsa galimoto, koma ikalowa zinyalala kapena ikatha, imadonthezera petulo m'silinda usiku wonse. Zinyalalazi nthawi zambiri zimabwera ndi mafuta a m'zigubu amene timagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa pa mafilingi siteshoni. Sindikuweruza munthu, aliyense amafuna kufika kuntchito, koma ngati munathirapo otere, muuzeni makaniko wanu. Injekita ikadontha kwambiri silinda imatha kudzaza, ndipo zamadzimadzi sizipanikizika ngati mpweya. Mukadzapotokola kiyi n'kumva injini yazungulira pang'ono kenako n'kuima mwadzidzidzi ndi kugunda kwamphamvu, chotsani dzanja pa kiyi nthawi yomweyo. Kukakamiza pamenepo kumapinda mkono wa pisitoni, ndipo ntchito yake ndi yotsitsa injini yonse.

Ndinenepo pang'ono kwa owerenga amene akadali ndi kabureta, monga eni ake a Nissan 1400, a njinga zamoto za kabaza ndi a majenereta. Njira ndi yomweyi: bwezani choki, tsegulani moto wonse, musapope, lizani. Pa njinga ndi jenereta tsekani kaye kampopi ka mafuta, ndipo pulagi yake ndi imodzi, yosavuta kumasula. Ikamafulada kawirikawiri, kapena mukaona petulo akusefukira pa kabureta, ndiye kuti kasingano kotseka mafuta m'kambale ka pansi kadyeka kapena kagwidwa ndi chitsotso, mwinanso choki ikukanirira.

Zonse ndafotokozazi ndi za injini ya petulo imene yakhuta petulo. Ya dizilo ilibe mapulagi a moto, ndipo ikakana kulira zifukwa zake ndi zina. Komanso galimoto imene yazima mutalowa nayo m'madzi osefukira nthawi ya dzinja ndi nkhani yosiyana kotheratu, ngakhale anthu amatchula ndi mawu ofanana. Imeneyo musaiyese kuliza n'kamodzi komwe, ikokedwe kupita kugalaja.

Kwa inu mayi, ndingakulangizeni kuti mupite kwa makaniko wokhala ndi makina oyezera ngati galimoto yakanabe pambuyo poumitsa kapena kusintha mapulagi, ngati nyale ya injini pa dashibodi yakhala chiyakire kapena ikuphethira itatha kulira, ngati ikupitiriza kunjenjemera ndi kutulutsa utsi wakuda itatentha, kapena ikadzafuladanso m'masabata akubwerawa. Nyale ija ikamaphethira ndiye kuti silinda ina siikuwotcha ndipo petulo akupita wosapsa ku ekizozi, choncho musayende nayo ulendo wautali. Mukafika kumeneko, fotokozani ndendende mmene mwandifotokozera ine, kuyambira pa kuzizira kwa m'mawa uja ndi kusuntha kwa pang'ono kuja, ndipo pemphani kuti akuonetseni mapulagi akamasula.

Loweruka likubwerali ana akadzafuna kutsuka galimoto, mukaitulutsa m'galaja isiyeni ilire panjapo kwa mphindi zisanu kapena kuposerapo, mpaka kanyale kosonyeza kuti injini ndi yozizira kazime ndipo kaliridwe kake katsike, kapena zungulirani nayo pang'ono m'dera lanulo musanaizimitse. Musaitenthetsere m'galaja motseka, chifukwa utsi wa galimoto uli ndi mpweya wakupha umene sununkha. Ndipo mukaitsuka n'kufuna kuibwezera m'galaja madzulo, muchitenso chimodzimodzi, poti ulendo wobwererawo nawonso ndi wa mamita ochepa omwe aja.